Ndime Yosathira Kanthu

Pakhomo pa mayi Lines ku Soche sipadutsa munthu wanjala. Wowerenga mita ya madzi akabwera, amachoka ndi chinangwa chophika m'manja. Ana a m'nyumba zoyandikana nawo amadziwa nthawi imene tiyi amapsa kumeneko kuposa mmene amadziwira belu la kusukulu. Ngakhale galu wa eni ake, wongolowera pampanda, amatuluka akunyambita milomo. Amuna a mayi Lines, a Raphael, amene amayendetsa lole ya pa kampani ina ku Makata, amakonda kunena kuti anakwatira lesitilanti yopanda chitseko.

Mayi Lines ndi azakhali anga. Nkhaniyi anandilola kuilemba, bola ndisawonjezere mchere. Ine pagulu mawu amandithawa, choncho ndaiika papepala monga mmene inachitikira.

Kuseri kwa nyumba yawo, pamene phiri limayambira kukwera, kuli kamunda kawo. Dothi lake ndi lofiira, lotopa, loti mvula yakhala ikulikokolola chaka ndi chaka. Minda ya anzawo a m'kalabu ya alimi ya m'deralo inalinso chimodzimodzi: feteleza ankathira ndithu, koma chimanga chinkabereka ngati chikuchita kukakamizidwa.

Chaka chimenecho kunabwera anthu a ku yunivesite ina ya zaulimi. Anali a Dokotala Kingsford, mphunzitsi wa za nthaka, munthu wamtali wolankhula motsitsa, pamodzi ndi wophunzira wawo wa chaka chomaliza, mtsikana wotchedwa Jacqueline, amene ankayenda m'majombo ngakhale kunja kuli ng'amba. Anatapa dothi m'minda ya kalabu yonse n'kukaliyeza. Atabwerako, anati akufuna minda iwiri yochitirapo kafukufuku, kuti aone njira yodyetsera nthaka ya ku Soche imene ingapindule. Anasankha munda wa mayi Lines ndi wa mnzawo wakalekale, mayi Christina, wa kumunsi kufupi ndi khwawa. Ananenanso kuti chimanga chikadzakhwima m'mwezi wa Malichi, kudzakhala tsiku la chionetsero. Alimi a ku Chilobwe, ku Zingwangwa ndi ku Manja adzasonkhana pa munda umodzi mwa iwiriyo, ndipo popeza wa mayi Lines unali pafupi ndi msewu, chionetserocho chinali chawo.

Mtima wa mayi Lines unakhala m'malo. Alendo a madera atatu pakhomo pawo! Tsiku lomwelo anayamba kuganiza za chitenje chodzavala ndi mapira a chimera cha thobwa.

Tsiku lodzala, Jacqueline anagawa mundawo ndi zingwe kukhala ndime zinayi, n'kuzika kachikwangwani pa ndime iliyonse. Yoyamba inali ya feteleza yekhayekha. Yachiwiri inali ya manyowa a kompositi ndi theka la feteleza. Yachitatu inali ya chimanga chophatikiza ndi nandolo, ndi feteleza pang'ono. Mayi Lines ankatsatira pambuyo ndi kachitsekero ka botolo koyezera feteleza, akugwedeza mutu movomereza. Atafika pa ndime yachinayi, anaima.

"Nanga muno tithiramo chiyani, mwanangu?"

"Palibe, mayi."

"Palibe? Ngakhale kaphulusa?"

"Ngakhale kaphulusa," anatero Jacqueline akuseka. "Mbewu ndi yomweyi, kupalira n'chimodzimodzi, koma chakudya ayi. Ndime imeneyi ndiye muyeso wathu. Imatiuza zimene nthaka yanu ingachite payokha. Popanda iyo sitingadziwe ngati ndime zinazi zathandizidwa ndi zimene tathiramo, kapena ndi mvula chabe."

"Ndiye kuti chimanga china chizidya, china chizingoyang'ana?"

"Eya, mayi. Kwa chaka chimodzi chokha. Mundilonjeze."

Mayi Lines analonjeza. Koma maso awo anakhalitsa pa kachikwangwani kaja, pamene panalembedwa ndi penti yakuda kuti OSATHIRA KANTHU.

Mvula inagwa bwino, chimanga chinamera chonse. Khirisimasi isanafike, ndime zitatu zija zinali zitabiriwira, masamba ake otambalala ngati akupemphera. Koma yachinayi inali yomvetsa chisoni. Mapesi anali oonda ngati tsache lakutha, masamba a m'munsi achikasu. Jacqueline, amene ankabwera ndi tepi yoyezera, anati zimenezo n'zimene ankayembekezera, chimangacho chikusowa nayitirojeni basi. Kenako anatsanzika. Anati akupita kutchuthi, akakabwerako ali ndi mayeso, choncho adzaonekeranso kumapeto kwa Januwale.

Tsoka lake linali lakuti njira yopita kuphiri imadutsa m'mbali mwa ndime yachinayi yomweyo. Opita kukapemphera kuphiri, otola nkhuni, ana a sukulu, onse ankaima n'kuyang'ana.

"Asisi, kodi ichi ndi chimanga kapena anyezi?" anafunsa mayi Christina tsiku lina, atabwera kudzabwereka sefa.

"Musandiyambe, a Christina. Kodi kwanu sichili chonchi?"

"Chili chonchi kumene. Koma ine ndikafika pamenepo ndimangoyang'ana kumbali, n'kumaimba nyimbo ya kwaya mpaka nditadutsa."

Onse anaseka. Koma pa nthawi yomweyo panadutsa mayi wina wosenza mtolo wa nkhuni, amene sankawadziwa n'komwe. Anayang'ana ndime zobiriwira, anayang'ana yachikasu, n'kunena mokweza kwa mnzake kuti, "Taonani, ana obereka okha akudya, mwana wopeza akugona ndi njala."

Mawu amenewo anawabaya mayi Lines ngati minga. Iwo, Lines, kukhala mayi wopeza? Iwo amene analera ana a achemwali awo awiri popanda wina kudziwa kuti wobereka ndi uti? Tsiku lonse ankangoyenda uku ndi uku, ndipo ndiwo za madzulo zinapsa ndi mchere kawiri.

M'mawa mwake, akusesa m'khola la nkhuku zawo, anayang'ana mulu wa zitosi zouma pakona. Nkhuku zimenezo zinkadya bwino: madeya, zotsala za m'khitchini, ndi matimati ophwanyika ochokera pa benchi imene mayi Lines amagulitsirapo zamasamba pakhomo. Anaima kanthawi, tsache lili m'manja.

"Kadzanja kamodzi sikangagwetse yunivesite yonse," anadziuza okha.

Anadzaza ndowa, anaika masamba a nthochi pamwamba, n'kukwera kumunda. Paphando lililonse la ndime yachinayi anakumba kadzenje, anathira kadzanja, n'kukwirira bwinobwino ngati mayi wofunditsa khanda. Mlungu wotsatira anapitanso, poti kadzanja koyamba kanali kakang'ono. Anapitanso kachitatu, poti mapando a kumapeto ankaoneka ngati anamanidwa.

Mvula inachita mbali yake. Chikasu chija chinayamba kutha kuyambira kumtima kwa chimanga. Mapesi ananenepa, masamba anada bii ndi kubiriwira. Pofika pakati pa Januwale, ndime yachinayi inali italingana ndi zinzake, ndipo mapesi ena anali atayamba kusuzumira pamwamba pa a ndime yoyamba. Mayi Lines ankagona tulo tabwino.

Woyamba kuzizwa anali a Raphael. Lamulungu lina atabwera kutchalitchi, anakwera kumunda akadali m'jekete, anawerenga kachikwangwani, anayang'ana chimanga, anawerenganso kachikwangwani.

"Amake Roy! Tabwerani mudzaone zodabwitsa! Apa alemba kuti osathira kanthu, koma taonani mapesi ake! Ndiye kuti zaka zonsezi takhala tikusenza matumba pachabe?"

"Mwina ndi mvula, bambo a Roy," anayankha mayi Lines, maso ali pansi.

"Mvula yanji yosankha ndime? Iyi ndi sayansi, mayi. Dothi lathu linangofuna kupuma. Ana a sukuluwa atitsegula m'maso."

Pakamwa pa a Raphael ndi pa wailesi. Pofika Lachitatu, nkhani inali itamveka ku Makata konse, kwa ometa tsitsi, ndi m'minibasi ya ku Limbe, mmene kondakitala anachita kuiwala kuitanira anthu pomvetsera. Anthu anayamba kubwera kudzaona ndime yozizwitsa ya ku Soche. Mayi Lines ankawapatsa tiyi, osawayang'ana kumaso.

Banjali lili ndi munda wina waukulupo ku Mpemba, umene chaka chimenecho anadzala mochedwa. Feteleza wobereketsa wa munda umenewo anali m'thumba kuseri kwa chitseko, kudikira Loweruka. Lachisanu madzulo mayi Lines anapeza pamalopo pali mbee.

"Bambo a Roy, thumba lija lili kuti?"

"Ndapatsa achimwene a Eliot ku Bangwe," anatero a Raphael akuvula nsapato mosatekeseka. "Iwo sakhulupirira za sayansi, asiyeni azithira. Ife tatsogola."

Tiyi anawatsamwa mayi Lines. Akanatha kunena zoona pomwepo. Koma kuuza a Raphael kunali ngati kulengeza pa msika wa Limbe, ndipo chionetsero chikanathera pompo. Anadzuka n'kukatsuka makapu oyera kale.

Panalinso kanthu kena. M'ndime yachinayi munayamba kumera timbande ta matimati. Sitinamere mwachisawawa ayi: tinazungulira phando lililonse, tonenepa, tamasamba onunkhira. Njere zimene nkhuku zinameza pa benchi zinali zitadzuka. Mayi Lines anapita ndi khasu kuti akatipalire. Anawerama, anagwira kambande kamodzi, n'kukasiya.

"Talakwanji timeneti? Tangobadwa kumene," anatero. Anapalira udzu wokha n'kubwerera kunyumba.

Kumapeto kwa mwezi Jacqueline anabwera ndi tepi yake, akumwetulira. Anayeza ndime yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Atafika pa yachinayi, kumwetulira kunazima. Anayeza phesi limodzi kawiri. Anayang'anitsitsa tepi ngati yamunamiza. Anazungulira zikwangwani zonse kuona ngati wina anazisinthanitsa.

"Mayi, kodi pachitika chilichonse pano ine kulibe?"

"Mvula, mwanangu. Mvula yagwa yambiri."

"Kwa mayi Christina yagwanso, koma ndime yawo yachinayi ikadali yachikasu." Mtsikanayo anayang'ananso tepi ija. "Kapena ndine ndinasokoneza pothira feteleza? Ngati ndi choncho, ntchito yanga yonse ya chaka chino yapita m'madzi."

Anakhala pamzere, majombo ali tambalale, n'kuimbira foni aphunzitsi ake. Mayi Lines anathamangira kunyumba kukamuphikira mbatata, poti sankadziwa chinanso choti achite.

A Dokotala Kingsford anafika tsiku lotsatira. A Raphael anapempha tchuthi kuntchito kuti adzamve ndi makutu awo sayansi ikuwavomereza, ndipo mayi Christina anabweranso, ati kudzabweza sefa. A dokotala analunjika kumunda. Anayenda pang'onopang'ono m'ndime yachinayi, manja ali kumbuyo. Kenako ananjuta pa phando lina n'kuyang'ana timbande tija.

"Jacqueline, kodi tinadzala matimati muno?"

"Ayi, a dokotala."

"M'ndime zinazo amera?"

"Ayi, muno mokha."

A dokotala anakumba ndi chala m'mbali mwa phesi. Anatulutsa dothi lakuda, analinunkhiza, n'kutolamo kanthenga koyera. Anasunthira pa phando lina, anakumbanso, anapezanso zomwezo. Anaimirira, anasasa m'manja, n'kutembenukira kwa mayi Lines ndi nkhope ya ulemu wonse.

"Mayi, ndayenda m'minda yambiri, koma nkhuku zophunzira ngati zanu sindinazionepo. Zimatuluka m'khola, kukwera phiri, kuwerenga chikwangwani, kudzithandiza paphando lililonse, n'kukwirira. Ndikufuna ndizilembe sukulu."

Mayi Christina anagwira pakamwa ndi sefa, mapewa akugwedezeka. Mayi Lines anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, anamasula chitenje n'kuchimanganso.

"Chimanga chija chinkandiyang'ana, a dokotala," anatero pomaliza, mawu ali pansipansi. "M'mawa uliwonse chinkandiyang'ana. Anthu ankati ndine mayi wopeza. Ndinangothira kadzanja."

"Kadzanja kangati?"

"Katatu. Kapena kanayi, kumapeto uko."

"Amake Roy!" anafuula a Raphael, manja ali m'mutu. "Ndiye kuti ine ndalalikira zitosi za nkhuku m'minibasi yonse ya Limbe? Anthu andipatsa dzina loti Pulofesa ku Makata!"

Apa ngakhale Jacqueline, amene misozi inali italengeza, anaphulika kuseka. Koma ataseka anapukuta m'maso n'kunena mofatsa. "Mayi, ndinagona ndikudziimba mlandu. Mukanangondiuza."

Mawu amenewo ndiwo anawapweteka mayi Lines kuposa nthabwala zonse. Anamugwira mtsikanayo manja onse awiri. "Pepa, mwanangu. Ndinamvera chisoni chimanga, n'kuiwala munthu. Nanga sitingangofafaniza chikwangwani n'kulemba kuti zitosi? Si mwaona mmene zagwirira ntchito?"

"Zagwira ntchito ndithu," anayankha a dokotala. "Koma mlimi wa ku Chilobwe akadzafunsa kuti athire zochuluka bwanji, tidzati kadzanja ka mayi Lines, katatu kapena kanayi? Ndipo ndime zitatu izi tiziyerekeza ndi chiyani, poti muyeso mwaudyetsa? Munda uno ukolola bwino, mayi, koma sungatiphunzitsenso kanthu chaka chino. Jacqueline adalira munda wa mayi Christina, ndipo chionetsero chikachitikira komweko."

Mayi Christina anatsitsa sefa. "Asisi, ine sindinapemphe."

"Ndikudziwa," anatero mayi Lines. "Inu munkaimba kwaya."

Madzulo omwewo a Raphael anakwera minibasi ya ku Bangwe kukalonjerera thumba lawo. Anapeza achimwene awo a Eliot atathira kale feteleza yense, thumba atalichapa n'kuliyanika pachingwe. Anawapatsa thumba lopanda kanthulo ndi mawu oyamikira ambiri. Chaka chimenecho chimanga cha a Eliot chinali chonyaditsa m'dera lawo lonse, pamene cha ku Mpemba chinabereka tizitsononkho tonga zala. Ndime yosathira kanthu yeniyeni inakakhala kumeneko, munda wathunthu, popanda chikwangwani.

Tsiku la chionetsero linafika. Anthu anatsetsereka kudutsa pakhomo pa mayi Lines, kulowera kumunsi kwa mayi Christina. Ena ankalonjera, ena ankafunsa ngati nkhuku zalandira kale mayunifolomu. Mayi Lines anakhala pakhonde kanthawi, chitenje chatsopano chili pamiyendo. Koma chimera chinali chitagayidwa kale, thobwa linali litaphikidwa, ndipo thobwa silidziwa kuti chionetsero chasamuka. Anavala chitenje chija, anasenza chidebe, a Raphael ananyamula makapu, n'kutsetsereka nawonso.

Kumunda kwa mayi Christina kunalibe chofotokoza zambiri. Maso okha ankaona. Ndime ya kompositi ndi theka la feteleza inali ndi zitsononkho zosasiyana kwenikweni ndi za ndime ya feteleza yekhayekha. Ya nandolo inali m'mbuyo pang'ono, koma nandolo anali wobiriwira, akulonjeza ndiwo ndi masamba obwezera chonde m'nthaka. Ndipo pamapeto panaima ndime yachinayi, yachikasu, yoonda, yosabereka kanthu kooneka. Alimi anaunjikana pamenepo kuposa pena paliponse.

"Chimanga changa chenicheni ndi ichi," anatero bambo wina wa ku Manja. "Ndimayesa ndinalodzedwa, kani ndi njala ya nthaka."

Jacqueline anaima pakati pa ndime ziwiri, dzanja lina kuloza yachikasu, lina kuloza ya kompositi, n'kuyankha mafunso mpaka mawu anasasa. Amayi anaimba nthungululu, anamuveka mayi Christina chitenje m'khosi, ndipo wina anawajambula pa foni ataima pafupi ndi chikwangwani.

Mayi Lines, atamaliza kugawa thobwa, anapezeka ataima okha pa ndime yachikasu ija. Anawerama, anasisita tsamba limodzi lofota, akupukusa mutu.

"Gwirani manja amenewo!" anakuwa mayi Christina. "A Raphael, fufuzani m'chidebemo, mwina muli zitosi!"

Gulu lonse linagwa nako kuseka, ndipo mayi Lines anaseka nawo mpaka kugwira m'mimba. Ataona kuti nkhani yafika kale poyera, anakweza dzanja.

"Anzanga, inu mukuseka, koma chionetserochi chinali changa. Alendo nonsenu munali anga. Ndinakugulitsani ndi ndowa ya zitosi. Ana awa akakuuzani kuti apa musathire, musathire. Chimanga chanjalachi ndicho chakuphunzitsani lero, osati changa chokhuta chija."

A dokotala anawauza pambuyo pake kuti chaka chamawa kudzabwera wophunzira wina, ndipo akufuna kudzayesa zitosi za nkhuku pa ndime yakeyake, zoyezedwa pa sikelo. Anafunsa ngati mayi Lines angalolenso munda wawo.

"Ndime yosathira kanthu idzakhalaponso?" anafunsa mayi Lines.

"Idzakhalapo."

"Ndiye muiike kuseri kwa nthochi, kumene sindiona ndikamachapa."

"Ndipo kiyi wa khola ndizisunga ine," anawonjezera a Raphael.

Pobwerera anakwera chitunda awiriwiri, chidebe chili chopanda kanthu. Anadutsa m'mbali mwa munda wawo. Ndime yachinayi inali itaima monyada, zitsononkho zili lendelende, matimati ofiira psuu akuzungulira mapesi. Panalibe mlendo ndi mmodzi yemwe wodzaiona. Mayi Lines anathyola matimati awiri, anawayang'ana, n'kuwaponya m'chidebe.

Mtima wabwino ndi chuma, ndipo ku Soche palibe amene angafune kuti azakhali anga asinthe. Koma pali njala ina imene imaikidwa dala kuti anthu ambiri adzakhute, ndipo woithetsa msanga amadzimana yekha. Akuluakulu amasimba za mbalame ija imene inanyamula njoka pakhosi poithawitsa moto wa lupsa, njokayo n'kukana kutsika. Ndiye chifukwa chake amati chifundo chinapha nkhwali.